Thumba la Tiyi M'matope a ku Kelimane

Pa esiteti yonse panalibe munthu wodziwa za mzinda wa Kelimane ngati a Stafford Namakhwa. Anali kapitawo wa gulu la othyola tiyi, bambo wamfupi wa mimba yotsogola, woyenda ndi ambulera ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anthu akamafola pa sikelo ndi madengu awo, a Namakhwa ankatsamira thirakitala n'kuyamba kuphunzitsa popanda wowapempha.

"Kelimane ndi doko, inu," ankatero, uku akuloza kum'mawa ndi ambulera. "Mzindawo anaumanga pamwamba pa phiri, nyanja yamchere ili m'munsi mwake. Ukakhala pakhonde umachita kulavulira m'nyanja. Sitima zake kutalika kuposa chumuni cha fakitale yathuyi, moti zikaima pa doko, oyendetsa amapatsana moni wa pamanja ndi anthu a paphiri."

"Nanga mcherewo unalowa bwanji m'madzimo, a kapitawo?" wina ankafunsa.

"Sitima ya Apwitikizi inamira ndi matumba a mchere. Mpaka lero ukusungunukabe."

Anthu ankangogwedeza mitu. Akanatsutsa ndani? Aliyense ankadziwa kuti agogo awo aamuna a Namakhwa anali mtengatenga ku doko limenelo, asanathawe nkhanza za Apwitikizi n'kuyenda wapansi mpaka ku Thyolo. Zimenezo zinali zoona. Chimene anthu sankadziwa n'chakuti mkuluyo anali wosayankhulayankhula. Pa moyo wake wonse anangouza mdzukulu wakeyo zinthu ziwiri zokha: ku Kelimane kumatentha, ndiponso kuli udzudzu. Zina zonsezo a Namakhwa anachita kuwaka okha, njerwa imodziimodzi, mpaka mzinda unakula, phiri n'kumera pansi pake. Eni akewo anali asanawolokepo ngakhale mlatho wa pamalire pa Muloza.

Vuto linabwera ndi Cathy, mwana wa mlongo wawo Teleza. Cathy ankagwira ntchito yosankha tiyi m'fakitale, ndipo Loweruka lina anabwera kwa amalume akewo n'kugwada patali.

"Amalume, pali munthu akufuna kudzaonekera."

"Wakuti?"

"Dzina lake ndi Raphael. Amabwera ndi lole kudzagulitsa mchere ndi nsomba zouma pa Luchenza. Mukagwirizana naye kwambiri, amalume. Kwawo ndi ku Kelimane, anabadwira komweko."

A Namakhwa anali akumwa thobwa. Linalowera njira ya mpweya, anatsokomola mpaka misozi. Pa anyamata onse a ku Thekerani, a kwa Changata, a kwa Nchilamwela, mwanayu wakapeza wa ku Kelimane! Koma iwo ndiwo anali mwini mbumba. Nkhani ya ukwati wa Cathy sikanayenda popanda iwo.

Lamlungu lake, atatuluka m'tchalitchi, Raphael anafika kunyumba kwa Teleza kumalayini a antchito. Anali mnyamata wamtali, waulemu, wolankhula Chinyanja chokokera ku Chilomwe ngati anthu a ku Milanje. Mbiri inali itamveka kale kuti kwabwera munthu wa kumzinda wa a kapitawo, choncho anthu anadzaza pabwalo, ena atanyamula mipando yawo. A Namakhwa anaona kuti pothawira palibe. Anaganiza zoyamba okha kuponya mwala.

"Ndiye mwati kwanu ndi ku Kelimane? Phiri lija lili bwanji masiku ano?"

Raphael anayang'ana Cathy, kenako anayang'ana pansi. "Pepani bambo, kwathu kulibe phiri. Dziko lake ndi lathyathyathya ngati mphasa. Chokwera chimene ndimachidziwa ndi chulu."

Pabwalo panamveka kung'ung'udza. A Namakhwa anamva thukuta likutsika kumsana.

"Chabwino. Nanga nyanja? Mukakhala pakhonde simuiona?"

"Nyanja yeniyeni ili patali ndithu, bambo. Mzinda uli mkati, kumtunda. Pali mtsinje waukulu wa madzi amchere, uli ngati mkono wa nyanja wolowa m'dziko. Sitima zimalowera m'menemo kubwera pa doko, koma zimayamba zadikira kuti madzi abwere."

"Abwere? Amakhala atapita kuti?"

"Amabwerera kunyanja, bambo. Kawiri pa tsiku madzi amachoka, m'mbali monse n'kutsala matope okhaokha, ngalawa zili gone chammbali. Pakapita nthawi amabweranso n'kudzaza."

Kenako mayi wina wothyola tiyi anaphulika nako kuseka, ndipo bwalo lonse linatsatira. A Namakhwa anayang'ana uku ndi uku. Anthu sankaseka iwo ayi, ankaseka mlendo.

"Madzi kumapita kokayenda kawiri pa tsiku!" anatero a Namakhwa, mawu atabwerera mphamvu. "Amakagwira ganyu kapena? Amawalemba ndani pa chipata?"

"Ndi zoona, bambo. Ndiye m'matopemo mumamera mitengo, madzi akabwera imaima m'madzi amchere mpaka m'khosi koma osafa. Mulinso tinsomba tina timene timatuluka m'madzi n'kumayenda pamatope."

"Ndi miyendo?"

"Ndi zipsepse, bambo. Nthawi zina timakwera mizu ya mitengo."

Apa ndiye anthu anagwa pamipando. Mkulu wina wa mpingo anachita kuvula magalasi kuti apukute misozi. Raphael anatulutsa foni kuti awaonetse, koma a Namakhwa anaikankha ndi nsonga ya ambulera.

"Za m'mafonizo timazidziwa. Ine ndinaonamo mbuzi ikuimba kwaya."

Anaimirira, nakonza jekete. "Achemwali, mnyamatayu ndi waulemu, ndipo mchere wake ndi wabwino. Koma munthu wonama pamaso pa akuluakulu tsiku loyamba, adzatani akadzalowa m'nyumba? Ine mwana wa mlongo wanga sindingamupereke kwa munthu woyendetsa nsomba pamtunda."

Cathy analowa m'nyumba akulira. Koma Teleza, amene anakula ndi mchimwene wakeyo n'kumudziwa ngati chikhatho chake, sanakweze mawu. Anadikira kuti phokoso lithe.

"Achimwene, mwayankhula bwino. Komatu mlandu sagamula ndi mbali imodzi. Lole ya mnyamatayu ikubwerera kwawo sabata ino. Tiyeni tikwere, inu ndi ine, tikaone ndi maso athu. Akapezeka wabodza, nkhani yathera pomwepo. Mwayi wake, inu njira mukuidziwa, simungasochere."

"Eya, apite!" anthu anavomereza. "Akamugwire bodza komweko! Mukatijambulire phirilo, a kapitawo!"

A Namakhwa anayamba kufunafuna chifukwa chokanira. Ananena za ntchito, anthu n'kuwakumbutsa kuti inali nyengo yozizira, tiyi sakuphuka kwambiri. Ananena za bondo, Teleza n'kunena kuti akakhala kutsogolo.

Ananyamuka m'mawa wina kuli chiperoni, nkhungu itaphimba minda ya tiyi mpaka kumabulugamu. A Namakhwa anavala suti yawo ya ku maukwati ndi nsapato zopolisha. Popeza munthu sapita kwa eni ake chimanjamanja, ngakhale ukukawagwira bodza, anagula thumba lalikulu la tiyi ku sitolo ya antchito, tiyi wamasamba weniweni, n'kulikweza kumbuyo kwa lole.

Atadinditsa zikalata pa Muloza n'kudutsa Milanje, mapiri anayamba kutsalira m'mbuyo. Dziko linayamba kutsika, kutentha n'kumakwera. A Namakhwa anavula tayi. Ankayang'ana kutsogolo mwachidwi, akupemphera chamumtima kuti Mulungu, amene analenga mapiri ambirimbiri opanda ntchito, akhale ataikako limodzi ku Kelimane.

Atafika pa tawuni ya Mocuba anaona madzi ambiri pansi pa mlatho wautali. A Namakhwa anamenya chitseko cha lole.

"Imani! Achemwali, dzukani muone. Nyanja yamchere ija ndi imeneyi. Sinasinthe m'pang'ono pomwe."

Raphael anakhosomola. "Umenewu ndi mtsinje wa Licungo, bambo. Madzi ake anthu amamwa. Kwatsala mtunda ndithu."

"Ndikudziwa," anatero a Namakhwa. "Ndimafuna ndione ngati unamenso."

Teleza anangophimba pakamwa ndi nsalu.

Analowa mu Kelimane chakumasana, kudutsa minda ya mpunga ndi mitengo ya kokonati yosawerengeka. Phiri kunalibe. Kunali njinga, njinga zokhazokha, zonyamula amayi, zonyamula makala, ina itanyamula bambo wa suti atakhala chammbali akuwerenga nyuzipepala. Raphael anaimika lole m'mphepete mwa madzi, pafupi ndi tchalitchi chakalekale cha makoma okhuthala. Madzi anali odzaza mpaka m'khosi mwa khoma la msewu, otambalala, amtundu wa thobwa. Chakumtunda kunali doko, sitima imodzi itaima, zitsulo zonyamulira katundu zili njo. Kutsidya kunkaoneka mitengo yobiriwira itaima m'madzi.

A Namakhwa anatsika, n'kuviika chala m'madzi, n'kulawa. Mchere. Nkhope yawo inawala.

"Achemwali, madzi si awa? Apita kuti? Phiri mwina analigumula pomanga misewu, zimachitika. Koma madzi ndi awa, ali phee, sakuoneka ngati ali ndi ulendo."

"Nanga mitengo ili m'madziyo?" anafunsa Teleza.

"Kusefukira kwa madzi. Chaka chino mvula inachuluka."

Raphael anawapezera malo ogona kwa mnzake m'tawuni, n'kunena kuti m'mawa mwake adzawolokera kwa amalume ake, a Filipe, amene ankakhala kutsidya kwa kamtsinje kena kolowa m'mitengo ija, kunja kwa mzinda.

M'mawa mwake njinga zitatu zinawatula pa gombe la kamtsinjeko, thumba la tiyi lili pa njinga yachinayi. A Namakhwa anatsika, n'kuima chilili. Madzi kunalibe. Kuchokera pamene anaima mpaka kutsidya kunali matope akuda onyezimira, kamadzi kochepa kakuyenda pakati ngati ngalande ya kuseri kwa bafa. Ngalawa zinali gone chammbali. Mitengo ija inali itaima pa mizu yake yoonekera, ngati amayi okweza nsalu powoloka.

Pansi pa mtengo wa kokonati panakhala mkulu wina wowonda, wa ndevu zoyera, akusoka ukonde. Raphael anati amenewo ndiwo a Filipe, amalume ake, abwera ndi ngalawa kudzawachingamira. Mkuluyo ankayankhula chinenero cha kwawoko, koma Chilomwe ankachimva, Chinyanja n'kumachitola apo ndi apo, moti nkhani inkatheka.

A Namakhwa anavula chipewa, n'kugwira dzanja la a Filipe ndi manja awiri.

"Pepani ndi zovutazi, akulu anzanga. Ife sitinamve. Zachitika liti?"

"Zovuta zanji?"

"Madziwa. Wina watsegula chotsekera kapena? Kwathunso zinachitikapo, mlonda ataledzera anatsegula damu la esiteti, nsomba zonse pamtunda. Ameneyo anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Wagwidwa amene wachita izi?"

A Filipe anayang'ana mphwawo, n'kuyang'ananso mlendoyo. "Khalani pansi, akulu. Madzi abwera. Akafika pa chikhomo icho tikwera ngalawa."

"Abwera," anatero a Namakhwa chamumtima. Anawamvera chisoni mkuluyo. Damu la esiteti litaphwa linadikira mvula ya Disembala. Anthu awa akhala pansi pa kokonati mpaka liti? Komanso, pansi pa mtima, panali kena kamene kankawaluma. Theka la bodza la mnyamata uja linali litaoneka kale: madzi anali atachokadi. Akakhala pano n'kuwaona akubwerera, ndiye kuti zonse zatha. Kutsidya kunkaoneka pafupi, madenga a nyumba ali apo.

"Ife a ku Thyolo sitidikira ngalawa pouma," analengeza. Anavula nsapato n'kuzimangirira m'khosi, anapinda buluku mpaka m'mawondo, n'kusenza thumba la tiyi pamutu. "Mukandipeza kutsidya."

"Bambo, musatero, matopewo ndi akuya!" anatero Raphael.

"Iwe wanena zambiri kale."

"Achimwene, suti imeneyo ndi ya ukwati," anatero Teleza.

"Ukwati wake uti?"

Poyamba zinayenda bwino. Matope anali ofunda, ofika m'kakolo, ndipo a Namakhwa anatembenuka n'kukweza ambulera kuti onse aone. Atapitirira pang'ono anafika m'mawondo. Mwendo uliwonse pouzula unkalira ngati ng'ombe ikupsompsona. Anawoloka kamadzi ka pakati kaja, koma atayandikira mitengo ya kutsidya anangomva pansi pakuchoka, n'kulowa mpaka m'ntchafu. Anayesa kutsamira ambulera. Ambulera inalowa yonse, n'kutsala chogwirira chokha.

Anatula thumba pa kachulu ka matope n'kupumira m'mwamba. Ndipo pamenepo, pafupi ndi chigongono chawo, panali kanthu kakuwayang'ana. Kanali kansomba, kotalika ngati chala, maso ali pamwamba pa mutu ngati a chule. Kanadzikoka ndi zipsepse, kanayenda, kanaima, kenako kanadumphira pa muzu wa mtengo n'kukwera.

"Choka!" anatero a Namakhwa. "Choka, wina angakuone!"

Kansombako sikanachoke. Kanabwera kena, ndi kena. Nkhanu zing'onozing'ono, iliyonse ndi dzanja limodzi lalikulu, zinatuluka m'mauna n'kuyamba kukweza manjawo m'mwamba ngati mpingo ukuvomereza mfundo.

Kenako anamva kuzizira kumbuyo kwa ntchafu. Atacheuka anaona kuti kangalande kaja kakula. Madzi ankabwera mwakachetechete, opanda mafunde, opanda mvula, kumwamba kuli mbee. Ankayenda chokwera, kuchokera kunyanja kulowa kumtunda, zimene madzi aulemu sachita. Anafika m'chiuno. A Namakhwa anaiwala za ukapitawo. Anagwira muzu, anadzikoka, anafuula dzina la mayi awo amene anamwalira kalekale, ndipo matope anawalavula ndi phokoso lalikulu, koma buluku anatsala nalo. Anakwera mtengo atavala jekete, malaya, kabudula wamkati wamizeremizere, ndi nsapato m'khosi.

Ali pa nthambi anaona madzi akuzungulira thumba lija. Analinyambita, analikwera, analimiza. Posakhalitsa madzi ozungulira mtengowo anayamba kusintha mtundu, kuchoka pa thobwa kupita pa kufiirira, ndipo kafungo kodziwika bwino kanakwera m'mwamba pakati pa fungo la matope. Mtima wa munthu wa tiyi ndi wovuta. A Namakhwa, ali pa mtengo opanda buluku, anayang'ana mtunduwo n'kugwedeza mutu mokhutira. Anatsitsa dzanja, anatunga pang'ono, analawa, n'kulavula.

Ngalawa inatulukira pang'onopang'ono. A Filipe ankapalasa kumbuyo mosafulumira, Raphael ali kutsogolo nkhope ili pansi, Teleza ali pakati mapewa akugwedezeka. Atafika pansi pa mtengo, a Filipe anaimika ngalawa, n'kununkhiza.

"Ameneyu ndi tiyi?"

"Woyamba kumene," anayankha a Namakhwa kuchokera m'masamba. "Inali mphatso yanu."

"Talandira," anatero a Filipe. Anayang'ana madzi ofiirawo akufalikira m'mitengo. "Wabwerera njira imene anadzera. Akuluakulu ankatiuza kuti kale, kusanakhale njanji ndi misewu, azungu opita kumapiri kwanuko ankatsikira pa doko lathuli. Katundu wawo yense, mabokosi, mabelu a tchalitchi, mbewu zawo, ankakwera ngalawa pano kulowera ku Zambezi mpaka ku Shire. Ndiye mbewu ya tiyi wanuyo mukuganiza inauluka?"

"Akulu anzanga, nthambiyi ikuthyoka."

"Siithyoka, mitengo imeneyi ndi yolimba, timamangira nyumba. Azunguwonso anabwera mochedwa. Asanafike iwo kunkabwera Aluya ndi ngalawa za matanga, kudzagula minyanga, ndi anthu omwe, zomvetsa chisoni. Kenako Apwitikizi. Oyamba mwa iwo atalowa mumtsinje waukulu uja anaona anthu ovala nsalu za kutali, n'kudziwa kuti njira ya ku India ayipeza, ndiye anautcha mtsinje wa Zizindikiro Zabwino. Ena amati anapeza makolo athu ali m'munda n'kuwafunsa dzina la dziko. Makolowo, posamva chinenero, anayankha kuti tikulima. Mzungu n'kulemba kuti Kelimane. Kaya n'zoona, ine kunalibe."

"Amalume," anatero Raphael motsitsa mawu, "madzi afika pa mapazi awo."

Anawatsitsa. Teleza anavula chitenje chimodzi n'kuwapatsa, ndipo a Stafford Namakhwa, kapitawo, analowa m'mudzi wa eni mkamwini atavala jekete la suti ndi chitenje cha maluwa achikasu. Ana anawaperekeza kuchokera pa gombe mpaka pakhomo.

Atasamba n'kudya mpunga wophikira kokonati ndi nkhanu, anakhala pa mkeka pansi pa mtengo wa mango. Abale a Raphael ndi anansi anasonkhana kudzaona alendo. A Namakhwa anali chete, zimene Teleza anali asanazionepo chibadwire. Ankadikira kuti mlongo wawoyo kapena mnyamata uja aulule za phiri, anthu aseke, iwo amwalire.

Koma a Filipe ndiwo anayamba, atatsamira tsinde la mango, mawu akukweza kuti onse amve.

"Alendo athuwa achokera ku Thyolo. Ine Thyolo ndimamudziwa bwino. Bambo anga aang'ono anakagwirako ntchito zaka zambiri. Anthu inu ndakhala ndikukuuzani. Mitengo ya tiyi kumeneko kutalika kuposa kokonati. Othyola amakwera ndi zingwe, dengu lili kumsana, ndipo amene wafika pansonga amaona mpaka kuno. Kuzizira kwake, munthu ukalankhula m'mawa mawu amauma, amadzamveka masana dzuwa likatuluka."

Anansi anagwedeza mitu ngati anthu omva nyimbo yoidziwa.

"Ndiye mphwangayu," anapitiriza a Filipe akuloza Raphael, "wangoyenda ndi lole maulendo angapo, akubwera kudzatiuza kuti tiyi amalekeza m'chiuno. Akuti anthu amathyola ataimirira pansi! Akuti mitambo imatsika n'kumalowa m'nyumba pakhomo ngati nkhuku! Ife tinamuuza kuti mwana iwe, bodza lidzakulepheretsa kukwatira. Mwamwayi lero kwabwera mwini wake wa tiyi. Akulu anzanga, tauzeni anthuwa. Ndimanama ine?"

A Namakhwa anakweza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana a Filipe. Pamphumi pa mkuluyo panali timadontho ta thukuta, ndipo maso ake, ngakhale pakamwa pankamwetulira, ankapempha. A Namakhwa anawadziwa maso amenewo. Anakonza chitenje chawo, n'kukhosomola.

"Zingwe zake ndi za mtundu wapadera," anatero. "Timaitanitsa kunja. Chaka chatha munthu wina anakwera Lolemba, anatsika Lachitatu."

"Mwamva!" anafuula a Filipe, akumenya ntchafu. "Mwamva inu!"

"Za mawu oumazo n'zoona. Ine ndinakalipira munthu mu Juni, anadzakwiya mu Ogasiti."

Anthu anaombera m'manja. Raphael anatsegula pakamwa, koma Teleza anamugwira mkono.

"Mwana wanga, ukufuna kulondola kapena ukufuna Cathy?" anamunong'oneza.

Raphael anatseka pakamwa.

Kuyambira pamenepo akulu awiriwo sanasiyane. Anayenda limodzi kukaona doko, a Namakhwa atabwereka buluku la a Filipe lolekeza m'akatumba. Anaima pa khoma kuonerera madzi akuchoka, a Namakhwa n'kumawayang'ana mokayikira ngati wantchito wothawa nthawi isanakwane. Anafunsa ngati pena pake chakumtunda kunalipo kaphiri kalikonse, ngakhale kakang'ono. A Filipe anaganiza kwa kanthawi, n'kunena kuti poti alendo akufuna, n'kutheka kuti kalekale kanalipo.

Nkhani ya ukwati inatha mosavuta. Ankhoswe awiriwo anagwirizana kuti mnyamatayo ali ndi vuto lokonda kukokomeza nkhani, koma mtima wake ndi wabwino, ndipo banja limawongola munthu.

Ukwati unachitikira ku Thyolo mu Okutobala, dzuwa lili ng'a. A Filipe anatsika m'lole atavala majekete awiri, chipewa chaubweya ndi masokosi m'manja, paphewa atakoleka chingwe chawo chokwerera kokonati. Anabwera ndi anansi anayi ofuna kudzaona mitengo ija ndi maso awo. Anaima m'mphepete mwa msewu. Kutsogolo kwawo minda ya tiyi inayala kutsika ndi kukwera zitunda mpaka kumene maso amalekeza, yobiriwira, yosalala pamwamba ngati tebulo, yolekeza m'chiuno. Mayi wina ankadutsa pakati pake akuthyola, mapazi ali pansi.

Anansi aja anayang'ana tiyi, n'kuyang'ana a Filipe. Thukuta linkatsika m'chipewa chaubweya.

A Namakhwa anafika akuthamanga, duwa la ukwati lili pachifuwa, n'kuwakumbatira anzawowo.

"Ankhoswe anzanga, mwachedwa pang'ono! Iyi ndi nazale. Ikuluikulu ija tinadula mwezi watha, inkasokoneza ndege."

Anansiwo anati aaa, n'kujambula nazaleyo ndi mafoni awo. A Filipe anavula jekete limodzi, n'kupereka chingwe kwa a Namakhwa kuti chisungidwe mpaka mitengo idzakulenso. Kenako onse analowera kutchalitchi, kumene Cathy ndi Raphael anali atayamba kale kutopa ndi kudikira.